Kathumba ka M'diresi la Aphunzitsi

A Telala anali pakati podula kolala ya bulauzi pamene Wailesi analowa m'shopu osanena n'komwe odi. Chitseko anachita kuchikankha ndi phazi, foni ataikweza m'mwamba ngati munthu wagwira mbava.

"Mayi inu! Ndinakulakwirani chiyani ine, mayi inu?"

Wailesi ameneyu ndi mwini saluni ya khomo loyandikana ndi shopu ya a Telala. Dzinalo anam'patsa ndi makasitomala ake omwe. Ukakhala pampando wake kuti akuluke tsitsi, podzuka umakhala utadziwa amene wathawidwa ndi mwamuna, amene akugona pabalaza, ndi amene wadzola mafuta oyeretsa mpaka nkhope kusupuka. Koma Lachitatu limeneli nkhani inali ya iye mwini.

"Khalani pansi kaye, asisi," anatero a Telala, sizasi idakali m'manja.

"Ndikhale pansi ndikhalire chiyani? Siponji yanu ija? Tawerengani apa!"

A Telala anatenga foniyo n'kuitalikitsa pang'ono kuti aone bwino. Unali uthenga wochokera ku nambala yachilendo. Unkati: "Okondedwa kasitomala, kodi mwatopa ndi siponji ya m'siketi? Tili ndi makabudula a mkati okweza mahipi mainchesi awiri ndi theka mbali iliyonse. Palibe angadziwe."

Abale inu, apa m'pofunika mudziwe. Wailesi anabadwa wowongoka ngati rula. Mahipi onse amene amagwedeza akamadutsa pamsewu, amene azibambo a pagalaja amasiyira masipanala, ndi osokedwa. Amawasoka ndi a Telala, mkati mwa siketi iliyonse, mainchesi awiri ndi theka kumanja, awiri ndi theka kumanzere.

"Uthengawu walowa ndikuluka munthu," anatero Wailesi. "Foni ndinam'patsa kuti asankhe sitayilo. Wauwerenga mokweza! Saluni yonse yamva! Wina mpaka wandifunsa kuti andikhudze aone. Munauza ndani?"

"Ine? Sindinauze munthu."

"Ndiye anauza ndani? Siketiyo?"

A Telala anamubwezera foniyo. Zaka makumi awiri akusoka pakhomo lomwelo, palibe tsiku limene munthu anawalozapo chala kuti atulutsa nkhani. Munthu akalowa kuseri kwa katani n'kuvula kuti ayezedwe, zimene a Telala aona kumeneko zinkathera komweko. Anthu ankati pakamwa pa mayi amenewa anasokapo okha.

Akadali chiimire choncho, kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Anali a Butchala, bambo wamkulu thupi wa butchala ya patsidya pa msewu, apuloni ili magazi okhaokha. Sanalowe. Anangosuzumira n'kunena motsitsa mawu.

"Mayi, ndimafuna tionane patokha."

"Lankhulani pompano, bambo," anatero Wailesi. "Ine sindichoka mpaka andiyankhe."

A Butchala anapukuta manja pa apuloni, n'kutulutsa foni, n'kuwaonetsa a Telala okha, ataitchinga ndi chikhato. Koma maso a Wailesi mumawadziwa. Anakweza khosi ngati nkhuku yomwa madzi, n'kuwerenga cha pambali. Uthengawo unali wotsatsa lamba wothandiza abambo a phudzi.

"Aka n'kachitatu," anatero a Butchala. "Dzulo anachita kuimba, ndili ndi anthu pamzere. Mathalauza anga mumasoka ndinu, mayi. Ngakhale anzanga ogwira nawo ntchito amangoti ndimakonda zovala zotaya."

Wailesi anagwira pakamwa. Kwa kanthawi anaiwala za mahipi ake.

"Iii, a Butchala! Kani n'chifukwa chake mumayenda chotangadza?"

"Inu khalani chete, mayi a siponji," anatero a Butchala. "Nkhani yanu yafika kale kubutchala."

Awiriwo anayamba kukokana mawu, koma a Telala sankawamvanso. M'makutu mwawo munkangolira kuti mainchesi awiri ndi theka, mainchesi awiri ndi theka. Wailesi mwiniwake sankadziwa muyezo umenewo. Sanafunsepo. Munthu amene ankaudziwa anali mmodzi yekha, ndipo anaulemba pamalo amodzi okha. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana foni yawo, imene inali pamwamba pa makina osokera, pambali pa kabotolo ka mabatani.

Kale a Telala ankalemba miyezo ya anthu m'kope lalikulu la chikuto chobiriwira. Tsamba lililonse munthu wake: khosi, phewa, chifuwa, chiuno, kutalika, ndipo m'munsi tinkhani tofunika kukumbukira posoka. Uyu phewa lina n'lotsika. Uyu safuna mkono woonetsa chipsera. Tsiku lina anapita kuseri kukateleka simbi pamoto, pobwera anapeza Wailesi atatsamira pathebulo, akutembenuza masamba, chala akunyowetsa ndi malovu. Anati ankafuna tsamba lake. Koma anali pa tsamba la akazi a abusa.

Musafunse kuti a Telala mtima unawawawa bwanji. Sabata yomweyo kunabwera mtsikana wina wovala tisheti yachikasu, akuyenda shopu ndi shopu. Anati kampani yake yapanga pulogalamu ya pafoni yothandiza atelala. Ulemba dzina la kasitomala, nambala yake ya foni ndi miyezo yake, ndipo chovala chikatha pulogalamuyo imam'tumizira yokha uthenga kuti adzatenge. Zonse zaulere. Pamwamba pake anawapatsa ambulera ndi tepi yoyezera yatsopano.

"Nanga munthu wina sangatsegule n'kuwerenga?" anafunsa a Telala. Funso lawo linali lokhalo.

"Ayi anti, muikapo nambala yachinsinsi. Ngakhale amuna anu sangaone."

Kenako pafoni panabwera mawu ambirimbiri, tizilembo ting'onoting'ono ngati nyerere zagwera m'shuga. A Telala anayamba kuwerenga mzere woyamba, koma mtsikanayo anaseka.

"Zimenezo palibe amawerenga, anti, mungafike mawa. Ingodinani apa palembedwa kuti ndavomera."

Anadina. Sabata yathunthu anakhala akukopera kope lonse m'foni ndi chala chimodzi, anthu mazana awiri ndi kadzanja. Pansi pa miyezo panali kabokosi kolembedwa kuti "Zina zofunika kukumbukira," ndipo m'menemo anathiramo tinkhani tonse tija, osasiya n'kamodzi komwe. Atamaliza anatenga kope lija n'kuliwotcha kuseri, Wailesi akuonerera pawindo. Tsiku limenelo anayenda modzimva. Ankati tsopano zinsinsi za anthu azitsekera ndi loko weniweni.

Ndiye m'mawa umenewu a Telala anatenga foni yawo ija. Nambala yachinsinsi anaiphonya kawiri. Atatsegula anapita pa dzina la Wailesi. Kabokosi kanati: "Siponji m'mahipi, 2 ndi theka mbali iliyonse." Anapita pa a Butchala. "Phudzi, kutayitsa pakati, zipi yaitali."

Anakhala pampando wa makina.

"Mwatani, mayi?" anafunsa a Butchala.

Chala cha a Telala chinali chikutsetsereka chokha pamayina, chifukwa panali dzina limodzi limene linawabwerera m'mutu ngati mbama. Aphunzitsi.

Aphunzitsi anali mnzawo wa a Telala kuyambira ali atsikana. Ankaphunzitsa masamu pasukulu ya pulayimale ya kumtunda kwa msika, ndipo ankakhala awiriwiri ndi mwana wawo wamkazi, chifukwa abambo a m'nyumbamo anamwalira mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mwanayo anthu ankangomuti Kabuku, poti ngakhale pomutuma mchere ankapita akuwerenga.

Miyezi inayi m'mbuyomo Aphunzitsi anasowa milungu itatu. Anthu onse, ndi Kabuku yemwe, anauzidwa kuti apita kumaphunziro a ntchito. Atabwerako anadikira shopu itatsala pang'ono kutsekedwa, n'kulowa kuseri kwa katani, n'kuvula bulauzi. Kumanzere kunalibe bere. Kunali chipsera chachitali, chofiirira, chongopola kumene.

"Khansa," anatero Aphunzitsi. "Achotsa. Mundisokere kathumba mkati mwa diresi lililonse, ndiziikamo thonje. Koma mnzanga, mwana wanga asadziwe mpaka alembe mayeso. Anaona bambo ake akudwala, anasiya kudya mwezi wathunthu. Akamva izi sawerenganso. Ndidzamuuza ndekha, ndi pakamwa panga, akadzatuluka m'chipinda cha mayeso tsiku lomaliza."

A Telala analira tsiku limenelo kuposa mwini chipsera. Analumbira. Tithumbato anatisoka mwaluso moti munthu ukanayang'ana mpaka maso kuwawa osaona kusiyana.

Tsopano tsamba la Aphunzitsi linali patsogolo pawo. Kabokosi kanati: "Kumanzere anachotsa, khansa. Kathumba mkati, thonje lofewa. Mwana asadziwe."

Kenako anayang'ana nambala ya foni. Mayo ine! Sinali ya Aphunzitsi. Aphunzitsi foni yawo imakhala yozima m'kabati ya kusukulu tsiku lonse, ndiye kuyambira kalekale anawauza kuti, "Lembani ya mwanayu, ndi amene amabwera kudzatenga zovala." M'kope munali nambala ya Kabuku, ndipo a Telala anaikopera momwemo. Mayeso ankayamba Lolemba.

"Tulukani," anatero a Telala.

"Mwati chiyani?" anatero Wailesi.

"Tulukani nonse, chonde. Ndikufotokozerani madzulo. Ndalakwa ndine, koma sindinauze munthu. Tulukani!"

Wailesi anali asanawamvepo a Telala akukweza mawu. Anatuluka chobwerera m'mbuyo, a Butchala pambuyo pake.

Pansi pa pulogalamuyo panali nambala yothandiza makasitomala. A Telala anaimba. Kanyimbo kanalira nthawi yaitali, kenako kunayankha mayi wa mawu ozizira bwino, ngati amene sanapsepo mtima chibadwire.

"Tikuthandizeni bwanji, mayi?"

"Zimene ndinalemba m'foni mwanga zapezeka bwanji kwa anthu ogulitsa makabudula?"

"Pepani mayi, si zachilendo zimenezo. Timagawana ndi anzathu a malonda, kuti makasitomala anu azilandira zinthu zogwirizana ndi zosowa zawo."

"Koma ndinaikapo nambala yachinsinsi!"

"Imeneyo ndi yotseka foni yanu, mayi, kuti wina asaone. Zimene mumalemba zimabwera kuno kwa ife."

"Anakulolani ndani?"

"Inuyo, mayi. Munadina kuti mwavomera."

A Telala anayang'ana ambulera yachikasu ija itakolekedwa pamsomali.

"Anzanuwo alipo angati?"

"Sindingathe kudziwa, mayi. Alipo ndithu. Ena amagawananso ndi anzawo."

"Ndiye fufutani. Fufutani zonse pompano. Kapena dzina limodzi lokha, ndikuuzani, limodzi lokha basi."

"Tikhoza kufufuta kuno kwathu pakatha masiku makumi atatu. Koma zimene zinapita kale sitingazibweze, mayi. Pali chinanso chimene tingakuthandizeni?"

A Telala anadula foni. Shopu anaitseka osazimitsa n'komwe kawailesi kawo kamene kankaimba nyimbo pawindo, tepi ili m'khosi, ulusi uli m'tsitsi. Mayi amene sathamanga ngakhale mvula igwe, tsiku limenelo anadutsa pakati pa msika akuthamanga, anthu ogulitsa tomato akusuntha mabeseni.

Kusukulu anapeza ana akuimba matebulo a masamu ochulukitsa. Anaima pawindo la kalasi n'kukodola. Aphunzitsi anatuluka choko chili m'manja, atavala diresi la buluu limene a Telala anamaliza kusoka mwezi watha.

"Kwagwanji, mnzanga? Mwachita kutuluka thukuta chonchi?"

A Telala anawakokera kuseri kwa kalasi, pafupi ndi thanki ya madzi, n'kufotokoza zonse. Anayambira pakati, n'kubwerera kumayambiriro, n'kusokoneza, koma Aphunzitsi anamva. Choko chinaduka pakati m'manja mwawo.

"Munalemba?"

"Ndinalemba kuti ndisaiwale mbali."

"Mbali mungaiwale, inu? Munaona ndi maso anu!"

"Ndinkalemba za aliyense, mnzanga. Ndi mmene ndimagwirira ntchito. Ndinkayesa ndatseka."

"Ndipo nambala ndi ya mwana wanga."

"Ndi yake."

Aphunzitsi anatsamira khoma. Nkhope inachita kutuwa. Kenako anawongoka, n'kupukuta choko pa diresi, chinthu chimene sachita.

"Mwina sanam'tumizirebe. Akanandifunsa. Mwana uja sasunga kanthu m'mimba. Ali kunyumba, anawapatsa sabata yowerengera. Tiyeni. Ndikam'landa foni, ndikati ikumusokoneza kuwerenga. Masiku khumi okha, mayeso atha."

Anasiyira kalasi mphunzitsi wa chipinda choyandikana, n'kunyamuka. A Telala ankayenda pambuyo, akupemphera chamumtima pemphero lopanda mutu, longoti chonde, chonde, chonde.

Atafika kunyumba anam'peza Kabuku ali pathebulo la pabalaza, mabuku ali mbwee, kapu ya tiyi itazizira pambali. Foni inali pamwamba pa buku la sayansi, chafufumimba. A Telala anaona kuti mwanayo waonda. Khosi linali litatalika, maso atalowa mkati. Anadabwa kuti bwanji sanazione Loweruka, atabwera kudzatenga siketi.

"Amayi, mwaweruka kale? Anti, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera, mwanawe," anatero a Telala.

"Ndaiwala makiyi a kabati," anatero Aphunzitsi, akuyesa kuseka. "Komanso iwe, ndaganiza. Bweretsa foniyo ndikusungire mpaka mayeso athe. Zinthu zimenezi zimadya nthawi."

Kabuku anayang'ana amayi ake. Anayang'ana a Telala, tepi m'khosi, ulusi m'tsitsi. Kenako anatenga foniyo n'kuipereka ndi manja awiri.

"Tengani. Koma akaimba muziyankha. Mukapanda kuyankha amaimba mpaka kasanu."

Panja nkhuku ya aneba inkatetera.

"Ndani?" anafunsa Aphunzitsi.

"Ambiri. Ena a mabula apadera. Ena a mankhwala a zitsamba. Ena a mawigi, akuti tsitsi lidzathothoka." Ankalankhula mosakweza mawu, ngati akuwerenga mayankho a m'buku. "Ena a inshuwalansi ya maliro. Amenewo ndi amene amaimba kwambiri."

Aphunzitsi anagwira nsana wa mpando.

"Anayamba liti?"

"Milungu iwiri yapitayo. Poyamba ndinkati alakwitsa nambala. Koma anatchula dzina lanu lonse. Ndiye ndinati ndine."

"Unati ndiwe ndani?"

"Ndinati ndine inuyo. Ndinakulitsa mawu. Ndinkafuna ndimve. Bambo wina anati, mayi, pano palembedwa kuti anachotsa kumanzere. Ndinati eya. Anati pano palembedwanso kuti mwana asadziwe, ndiye musade nkhawa, ife timasunga chinsinsi, mwana wanu sadzamva kwa ife."

A Telala anagwira kumutu. Mawu awo enieni, amene analemba ndi chala chimodzi atakhala pamakina, anali atazungulira m'maofesi a anthu osawadziwa, n'kudzatulukira m'khutu la mwana yemweyo.

"Sindinakhulupirire," anapitiriza Kabuku. "Mutapita kuntchito ndinalowa kuchipinda kwanu. Ndinatembenuza madiresi onse. Lililonse lili ndi kathumba. Thonje munalibisa m'bokosi la nsapato."

"Mwana wanga, bwanji sunandifunse?"

"Munati ndisadziwe."

"Milungu iwiri! Unkadya nane, unkaseka nane!"

"Inunso munkaseka nane miyezi inayi. Munandigulira mpaka kachikwama, eti kochokera kumaphunziro."

Kabuku anayang'ana mabuku ake, n'kuyamba kuwongola ngodya ya tsamba imene inali yowongoka kale.

"A maliro aja anati ndisachedwe. Anati anthu a matenda amenewa ambiri amachedwa, ana n'kutsala pamavuto. Ndinawafunsa kuti pano palembedwa kuti kwatsala nthawi yaitali bwanji. Anati zimenezo palibe, koma ndi bwino kukonzeka. Ndakhala ndikuwerengera masiku, amayi. Buku ndimangolitsegula. Kuyambira tsiku limenelo palibe chimene chalowa. Ndiuzeni zoona. Mufa liti?"

Aphunzitsi anazungulira thebulo n'kugwada pansi, diresi la buluu ndi fumbi lomwe, n'kumugwira mwanayo mapewa.

"Ndiyang'ane. Iwe, ndiyang'ane! Sindikufa. Anachipeza msanga. Adokotala anachotsa chonse, ndipo anandiyezanso mwezi watha, sanapeze kanthu. Ndimangomwa timapiritsi, ndipo ndizipita kukaonedwa miyezi itatu iliyonse. Anthu akuimbawo sanandionepo, sadziwa kanthu. Akungofuna kugulitsa."

"Mukunama ngati za maphunziro zija."

"Mapepala a kuchipatala alipo. Uwerenga wekha, si iwe wa sayansi?"

"Ndionetseni kaye pamene anachotsapo."

Aphunzitsi anazengereza pang'ono, kenako anaimirira n'kum'gwira dzanja. Analowa kuchipinda, chitseko n'kutsekeka.

A Telala anatsala okha pabalaza. Sanadziwe kuti akhale kapena aime. Kenako kuchipinda kunamveka kulira. Sikunali kulira kwa mtsikana wa sekondale ayi, kunali kwa kamwana kamene kanasochera pamsika n'kuwapeza amake. Kunatenga nthawi. Pansi pake pankamveka mawu a Aphunzitsi, akubwereza chinthu chimodzimodzi.

Foni ija inali itasiyidwa pampando. Inayamba kunjenjemera, nambala yachilendo ikuwala. A Telala anaiyang'ana ngati njoka. Inasiya. Inayambanso. Anaitenga n'kuyankha.

"Muli bwanji, mayi," anatero bambo wansangala. "Tikuimba kuti tikukumbutseni za ndondomeko ija ya maliro. Mwezi uno tatsitsa..."

"Mayi amene mukuwafunawo ali moyo," anatero a Telala. "Mwakhala mukulankhula ndi mwana. Mwana wa sukulu! Mulibe manyazi?"

"Pepani, ife timangoimba manambala amene tapatsidwa."

"Anakupatsani ndani?"

"Zimenezo amadziwa ndi akuluakulu, mayi. Nanga inuyo, muli nayo kale inshuwalansi?"

A Telala anazimitsa foniyo mpaka inada bii.

Patapita nthawi chitseko chinatseguka. Anatuluka Aphunzitsi okha, maso ali psuu, mabatani a diresi atamanga mosemphanitsa. A Telala anagwada pomwepo, pasimenti.

"Mnzanga, ndilibe mawu. Ndikhululukireni. Ndinkayesa ndikuteteza."

"Dzukani. Musandigwadire."

"Ndikagula simu ina ya mwanayu, lero lomwe. Ndikapita ku ofesi kwawo, ndikakhala pakhomo mpaka afufute."

"Simu ndigula ndekha." Aphunzitsi sanakweze mawu, ndipo bola akanakuwa. "Mwana wanga wakhala milungu iwiri akundiika m'manda yekhayekha m'mutu mwake. Amadzuka m'mawa, akuti, n'kudzaima pakhomo la chipinda changa kuti amve ngati ndikupuma. Ine osadziwa. Tam'lakwira tonse awiri, inu ndi ine. Mwina ine kwambiri. Koma ine ndine mayi ake, andikhululukira, alibe kothawira. Inu pitani kaye."

"Nanga madiresi awiri atsala aja?"

"Asiyeni momwe alili."

A Telala anadzuka mogwira mpando. Pakhomo anatembenuka, koma Aphunzitsi anali atalowanso kale kuchipinda.

Madzulo a tsiku lomwelo anayamba kuyenda khomo ndi khomo, kuuza makasitomala awo zimene zachitika, asanazimve kwa anthu achilendo a pafoni. Zinawatengera masiku asanu ndi anayi. Ena anaseka, poti pa iwo panalembedwa chiuno chokha. Ena anawatsekera chitseko kumaso. Akazi a abusa anangofunsa kuti, "Za ine munalemba chiyani?" ndipo atauzidwa anangokhala pansi pakhonde.

Kabuku mayeso analemba. Pepala loyamba akuti anatuluka akulira, enawo anayesetsa. Zotsatira sizinatulukebe, ndiye palibe akudziwa kuti milungu iwiri ija inadya zochuluka bwanji.

Aphunzitsi masiku ano amasoketsa kwa telala wina wa kuseri kwa depoti, bambo wokalamba amene manja a bulauzi amawasoka lina lalitali lina lalifupi. Akakumana ndi a Telala pamsewu moni amapereka, ndipo amafunsa za ana ndi za miyendo. Koma saima.